Kamzere pa bola ya gofu: kakuthandizani kapena kakuchedwetsani?

Imwe bamene mumenya gofu ku Lusaka Golf Club kapena ku Chainama, tikambeko za kamzere kojambula pa bola. Malamulo amalola, ndipo Callaway inafika poika mizere itatu pa bola zake za Triple Track. Koma kamagwira nchito zoona?

Kamathandiza chinthu chimodzi chabe: kuloza. Mukaimilira pambali pa bola maso amanama, koma mukagwada kumbuyo kwake muona njira bwino. Pa putt ya mita imodzi kapena awiri, kamzere ni kabwino maningi. Manje pa putt ya mamita 10, nkhani ni mphamvu na kutsetsereka kwa green. Kamzere sikadziba ivo. Mukaberenga green molakwika, kazangokuperekezani kumalo olakwika.

Vuto ikulu ni nthawi. Kuyambira 2019, malamulo a R&A na USGA alimbikitsa kumenya mkati mwa masekondi 40. Chaka chomwecho Bryson DeChambeau anatha mamineti opitilira 2 pa putt imodzi ifupi, anzake anadandaula poyera, bola nayo sinangene. Berengani mweka: masekondi 30 owonjezera, banthu 4, maenje 18. Ni mamineti 36 yamene mwabera bali kumbuyo kwanu pa dzuwa.

So chitani tere: berengani green pamene anzanu akali kumenya. Ikani kamzere kamodzi, osagwadanso kachibiri. Putt ikakhala itali, tembenuzani bola kamzere kabisike, muganize za mphamvu. Mukachita ivi, ba caddie banu nabo bazafika kunyumba kukali kowala.