Ku England womanga ayenera kubweza tchire limene wagumula

Ku England chilolezo chomangira nyumba zambiri kapena fakitale masiku ano chimabwera ndi ngongole. Kuyambira pa 12 February 2024, kampani yomanga ikuyenera kutsimikizira khonsolo kuti zachilengedwe za pamalopo, monga udzu, mitengo, madambo ndi mipanda ya zitsamba, zidzachuluka ndi 10 peresenti kuposa mmene zidalili ntchito isanayambe. Omanga ang'onoang'ono lamuloli lidawafikira pa 2 April chaka chomwecho. Gwero lake ndi Environment Act ya 2021, ndipo eni ake amalitcha Biodiversity Net Gain.

Wina afunsa kuti kodi tchire amaliyeza bwanji. Mathirakitala asanafike, katswiri wa zachilengedwe amayenda pamalopo ndi kope m'manja. Amalemba mtundu wa zomera, kukula kwa malo ndi thanzi lake, kenaka amalowetsa zonsezo m'masamu amene bungwe la Natural England lidathandiza kukonza. Zotuluka zake ndi mayuniti. Munda wa tirigu umapeza mayuniti awiri okha pa hekitala, pomwe dambo la maluwa akutchire limapeza ochuluka kangapo. Mipanda ya zitsamba ndi mitsinje zimawerengedwa pazokha, choncho munthu sangakwirire mtsinje n'kulipira ndi kapinga.

Opanga lamuloli adadziwa kuti ochenjera sasowa. Mwini malo angathe kugwetsa mitengo mwakachetechete kuti katswiri akapeze pali mbee, ngongole ichepe. N'chifukwa chake malo amene adaonongedwa popanda chilolezo kuyambira pa 30 January 2020 amayezedwa monga adalili asanaonongedwe, ndipo zithunzi zakale zojambulidwa m'mwamba zimakhala mboni.

Pobweza ngongoleyo, womanga amayamba ndi pamalo pomwepo: kusiya mitengo yakale, kukumba dziwe, kufesa maluwa akutchire. Zikapereŵera, amagula mayuniti kwa mlimi kapena bungwe limene lasandutsa munda wake kukhala dambo kapena nkhalango. Zonse zikakanika amagula makirediti ku boma, omwe mtengo wake adaukweza dala kuti anthu aziuthaŵa: yotsika mtengo kwambiri ndi £42,000, ndipo pa yuniti imodzi pamafunika aŵiri. Malo obwezawo ayenera kusamalidwa kwa zaka zosachepera 30. Nkhalango zakalekale sizilowa m'malonda ameneŵa, pakuti mtengo wa zaka mazana ambiri sungabwezedwe ndi mbande.

Udindo waukulu uli m'manja mwa makhonsolo. Ntchito siyamba mpaka khonsolo itavomereza pulani yosonyeza mmene 10 peresenti ija idzapezekere. Ena adaona kuti chiŵerengerocho n'chochepa, moti khonsolo ya Guildford imafuna 20 peresenti. Abale athu okhala ku England asade nkhaŵa: wokulitsa nyumba yake yokhalamo lamuloli silimukhudza, ngakhalenso ntchito yokhudza zomera za malo osafika masikweya mita 25, bola asakhale malo otetezedwa mwapadera.

Lamuloli ndi labwino, ndipo chifukwa chake chilipo. Lipoti la State of Nature la 2023 lidapeza kuti pafupifupi mtundu umodzi mwa mitundu 6 iliyonse ya zamoyo imene idaunikidwa ku Great Britain uli pachiopsezo chotheratu. Komabe pali malo amodzi pamene mwendo wake ukutsimphina. Mayuniti amaŵerengedwa lero pa dambo limene lidzaoneke zaka zikubwerazi. Malo obweza akutali amalembedwa m'kaundula wa boma, koma dziwe lokumbidwa pakati pa nyumba zatsopano limadalira khonsolo kuti iziliyendera, chikhalirecho makhonsolo ambiri akudandaula kuti akatswiri a zachilengedwe ndi ochepa ndipo ndalama sizikwana. Pofika chaka cha 12 mwa zaka 30 zija, kampani idzakhala itagulitsa nyumba zonse n'kupita kwina. Dziwe litauma, maluwa atatchetchedwa kuti pakhale poseŵerera ana, adzadziŵa ndani?

Makampani omanga akuti lamuloli likuchedwetsa nyumba, ndipo mu 2025 boma lidafunsa maganizo a anthu pa zolifeŵetsa pa malo ang'onoang'ono. Ife tikuti boma liyambe lapereka ndalama zoti makhonsolo alembe ntchito anthu oyendera malowa, ndipo za kufeŵetsa zidikire kaye.