KALATA YOPEMPHA NCHITO YA M'FAKITALE

Sabata ino tilankhula ndi inu amene munagwirapo nchito m'mafakitale, m'migodi kapena m'magalaja, koma tsopano muli kumudzi mulikulima. Ena munabwera kucokera ku Joni, ena nchito inakutherani ku Kanengo kapena ku Limbe. Manja anu adziwa nchito ndithu. Koma bwana wolemba anthu sayamba waona manja anu, ayamba waona pepala lanu, ndipo pa tebulo pace pali makalata mulu.

Cimene ciononga makalata ambiri ndico kudandaula. Munthu alemba kuti cimanga sicinabereke caka cino, ana athamangitsidwa ku sukulu, bwana amcitire cifundo, nchito iri yonse adzagwira. Zonsezi zingakhale zoona, koma ku fakitale sikugawidwa cimanga ca njala. Ndiponso mau akuti "nchito iri yonse" akucepetsani inu eni. Mmisiri amene waocherera zitsulo zaka 10 asapemphe monga mnyamata wongocoka ku sukulu. Chulani nchito imene muifuna pamwamba peni peni pa kalata, ndipo ngati munaiona m'nyuzipepala, nenani nyuzipepala yace ndi tsiku lace.

Tsono pakati pa kalata ndipo pali nkhani yaikuru. Anthu ambiri angoti, "Ndine wolimbika ndi wokhulupirika." Kodi alipo amene adzalemba kuti ndi waulesi? Mau otere sathandiza kanthu cifukwa ali m'kalata iri yonse. Bwana afuna kudziwa kumene munagwira, caka cimene munayamba ndi cimene munaleka, ndi makina amene munali kugwira. Ngati munayang'anira boila, nenani. Ngati munayendetsa forklift kapena thirakitala, nenani, ndi laisensi imene muli nayo. Woocherera anene ngati adziwa kuocherera ndi magetsi, ndi gasi, kapena zonse ziwiri. Amene anali kapitao anene anthu amene anali pansi pace kuti anali angati. Munthu akalemba kuti, "Ndinakonza mapampu ndi malamba a makina zaka 7, ndipo zaka 3 zotsiriza ndinali kapitao wa anthu 12 pa nchito ya usiku," bwana amuona munthuyo m'maganizo mwace asanafike. Ndipo ngati zaka zonsezo panalibe wopweteka pa gulu lanu, lembani, cifukwa eni mafakitale aopa ngozi kwambiri.

Nanga zaka zimene mwakhala kumudzi? Musazibise, pakuti bwana adzawerenga zaka naona kuti pali mpata. Nenani m'mau ocepa kuti munali kulima. Ngati munali kukonza cigayo, ngolo, njinga zamoto kapena mapampu othirira m'dimba, cimeneco ndi cabwino koposa, cifukwa cionetsa kuti manja sanaiwale.

Za mapepala. Amene muli ndi Trade Test chulani giredi yace. Tonse tidziwa kuti Grade 3 ndiyo yoyambira ndipo Grade 1 ndiyo yapamwamba. Amene munaphunzira m'maphunziro a TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa m'caka ca 1999, chulaninso. Koma pali pepala lina limene ambiri alisiya pocoka pa nchito. Lamulo la za nchito la caka ca 2000 linena kuti nchito ikatha, wolemba nchito apatse wanchito setifiketi yonena nthawi imene anagwira ndi nchito imene anali kugwira. Ngati simunaitenge, lemberani kumene munacokako, ndipo akakana mukadzione ndi a ofesi ya Leba ku boma kwanu. Potumiza, tumizani mafotokope okha. Setifiketi yeni yeni ikhale m'sutikesi, cifukwa ikatayika m'ofesi ya eni palibe amene adzakufunirani.

Makalata awa alembedwa m'Cingerezi. Ngati Cingerezi cikubvutani, palibe manyazi kupempha aphunzitsi kapena mwana wa ku sekondale kuti akulembereni. Koma khalani pomwepo, ndipo akuwerengereni mau onse m'cinenero canu musanasaine. Alembi ena akonda kukometsa, naika makina amene inu simunawakhudzepo. Tsiku loyesedwa adzakupatsani sipanala nakuimikani pa makina omwewo, ndipo mlembi uja adzakhala ali kwao. Kalata ikwane tsamba limodzi. Mbiri yonse ya nchito zanu ipite pa pepala lina limene alicha CV.

Inu alimi mudziwa kuti mbeu ziri ndi nyengo yace, ndipo mafakitale athu ambiri atsata nyengo yomweyo. Ku Nchalo ndi ku Dwangwa agaya nzimbe m'miyezi yopanda mvula, ndipo mvula ikayamba aimitsa makina kuti awakonze. Mafakitale a fodya acuruka nchito misika ikatsegulidwa ca m'April. Tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje acuruka m'dzinja. Cotero kalata yanu ifike nyengo isanayambe, osati anzanu atalembedwa kale.

Cenjerani ndi munthu woima pa geti kapena woimba foni amene ati mumpatse ndalama kuti kalata yanu ikhale pamwamba. Ambiri agulitsa mbuzi cifukwa ca anthu otere, nchito osaiona.

Pansi pa kalata ikani maina a anthu awiri amene anaona nchito yanu, monga injiniya kapena kapitao wanu wakale, osati amalume anu. Muyambe mwawapempha, kuti foni ikalira asadabwe. Nambala yanu ya foni ilembedwe bwino lomwe. Ngati kwanu mafoni sagwira bwino, onjezani nambala ya mbale wanu wokhala pa msika kapena pa boma, ndipo mumuuze kuti akamva uthenga akupezeni tsiku lomwelo.