Mdulidwe ndi Nyengo za Msodzi

Chiyambire 2007, pamene bungwe la WHO lidavomereza zomwe kafukufuku wa ku Orange Farm, Kisumu ndi Rakai adapeza, zoti mdulidwe wa kuchipatala umachepetsa ndi pafupifupi 60 peresenti mpata woti mwamuna atenge HIV kwa mkazi, ubwino wake sudakayikitsenso anthu ambiri. Chimene chikadasautsabe, makamaka pakati pa Atonga a ku Chintheche ndi Kande, amene makolo awo sadadziwe jando, ndicho kusiyana kwa nyengo za chipatala ndi nyengo za nyanja.

Taganizirani msodzi wa usipa, amene amachezera pa bwato ndi nyali usiku wonse, nabwera kumtunda m'bandakucha atanyowa mpaka m'chiuno. Iyeyu akauzidwa kuti bala lisakhudze madzi, ndiponso kuti adzabwerenso kudzaonetsa, amayamba wawerenga masiku amene chilimira chidzapita popanda iye, pakuti fodya ndi uyo ali pamphuno, ndipo ana sangadye chitetezo cha m'tsogolo. Chifukwa chake ena amati adotolo azifika pamene mwezi ukuwala ndi usipa ukukana nyali, kapena m'miyezi ya mwera pamene mabwato agona pamchenga. Amatinso bambo wa ndevu asaikidwe pa benchi limodzi ndi anyamata a sukulu, kapena kuvulidwa pamaso pa namwino amene ali mpongozi wake. Kwa ine, pempho lotereli si matama ayi, ndi ulemu wamba.

Komatu nawo a chipatala ali ndi mlandu womveka. Kutumiza gulu la adotolo ku Usisya, kumene munthu amafika pa Ilala kapena potsika msewu wa phompho, kumadya mafuta ndi antchito amene akadathandiza amayi oyembekezera ku Mpamba. Ndipo ndalama zobwezera msodzi masiku otayika, ngakhale zidakopa amuna ena pamene zidayesedwa ku Kenya, zingathe kusandutsa kufuna kwa munthu kukhala malonda.

Tsono tsiku, malo ndi dzanja lomugwira, zimenezo asankhe mwini thupi pamene chuma chilola. Koma masabata 6 odziletsa pa mphasa, ndi kondomu pambuyo pake, sizili zokambirana, ndipo wolangiza amene angazifewetse pofuna kudzaza kaundula wake walakwira mkazi wa msodziyo.