Nthaka ya m'Nyumba ya Pulasitiki Nayonso Itopa

Ulimi wa ndiwo m'nyumba za pulasitiki, zimene pa Cingerezi azicha greenhouse, uli kufalikira m'dziko la Zambia. Kale nyumbazi zinali za mafamu akulu-akulu a pafupi ndi Lusaka olima maluwa ndi ndiwo zotumiza ku Ulaya. Lero makopaletivu ndi magulu a amai ndi acinyamata nawonso ali kuzimanga, ena ndi ndalama za ngongole. Cifukwa cace ncodziwika: pa dzinja, pamene matimati a kudimba aola ndi mvula ndipo mtengo wace ukwera pa msika wa Soweto, mwini nyumba yotere akhala ali kuthyola.

Ici ncinthu cokondweretsa, koma akulu anati walira mvula walira matope. Munda wa panja munthu atha kuugoneka ndi kukalima pena. Nyumba ya pulasitiki iima pamalo amodzi zaka zambiri, ndipo nthaka yomweyo ndiyo iyenera kubweza ngongole yonse. Mlimi amene aifinya m'zaka ziwiri zoyamba adzatsala ndi nyumba yokongola yopanda zokolola.

Coyamba ndi feteleza. Panja mvula itsuka nthaka caka ndi caka; m'nyumba ya pulasitiki mvula siilowa. Cotero feteleza yense amene mbeu sizinadye atsalira pamwamba ngati mcere, nthaka iyera mbuu, ndipo mizu ilephera kumwa madzi. Mlimi wosadziwa akaona mbeu zili kufota aonjezanso feteleza, ndiye kuthira mafuta pamoto. Coyenera ndico kupimitsa nthaka, kuthira feteleza pang'ono-pang'ono monga mwa msinkhu wa mbeu, ndi kubwezera manyowa oola bwino a ng'ombe, mbuzi kapena nkhuku asanabzalenso.

Caciwiri ndi kasinthasintha wa mbeu. Matimati, tsabola, impwa ndi mbatatisi ndi banja limodzi, ndipo adani ao ndi amodzi. Wobzala matimati pambuyo pa matimati aweta tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene titupitsa mizu, ndiponso matenda ofotetsa mbeu amene akhala m'nthaka zaka zambiri. Pakati pa matimati ndi matimati payenera kulowa anyezi, kabici kapena cimanga ca dowe. Dzuwa la Okutobala nalonso ndi mankhwala aulere: nthaka yothiriridwa bwino ikafunditsidwa pulasitiki woonekera mkati kwa masabata anai kufikira asanu ndi limodzi, kutentha kupha tizilombo tambiri.

Cacitatu ndi mankhwala opopera. M'caka ca 2016 dziko la Zambia linalandira mlendo woipa, kagulugufe kochedwa Tuta absoluta kocokera ku South America. Kakakazi kamodzi katha kuikira mazira oposa 200, ndipo m'malo otentha mbadwo watsopano ubwera pafupi-fupi mwezi uli wonse. Mbozi zace zibisala mkati mwa tsamba ndi cipatso, kumene mankhwala safika msanga. Wopopera mankhwala amodzi-modzi sabata ndi sabata angopha zofooka ndi kusiya zolimba kuti ziswane, kufikira mankhwalawo asanduka madzi cabe. Cida cace ceni-ceni ndi ukhondo: neti yosang'ambika m'mbali mwa nyumba, zitseko ziwiri polowera, misampha ya fungo yokopa tatimuna, ndi kukwirira masamba onse ogwidwa. Mankhwala akafunika akhale ololedwa ndi bungwe la ZEMA, asinthidwe mitundu, ndipo masiku oyembekeza olembedwa pa botolo akwane matimati asanathyoledwe. Wogulitsa lero cimene anapopera dzulo adyetsa ululu ana a mnzace.

Cacinai ndi madzi. Pa 29 Febuluwale 2024 Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse. Madzi anacepa m'nyanja ya Kariba, magetsi anali kuzima nthawi yaitali, ndipo mapampu anaima. Phunziro lace lisaiwalike. Mipaipi yodonthezera madzi pa tsinde la mbeu isunga madzi ndi kusiya masamba ouma, motero matenda acepa. Denga nalo ndi citsime. Nyumba ya mamita 8 m'lifupi ndi 30 m'litali, pamalo pogwa mvula ya mamilimita 800 monga m'madera ambiri a Cigawo ca Kum'mawa, ilandira malita 192,000 pa caka, ndiwo madilamu oposa 900. Madzi amenewa ayenera kugwera m'thanki kapena m'dziwe, osati kukumba zigwembe m'munda wa mnansi.

Nzeru zonsezi zilipo kale m'dziko muno, ku Mount Makulu ku Chilanga, ku Msekera ku Chipata, ndi ku sukulu ya zaulimi ya Kasisi kumene aphunzitsa kulima ndi manyowa. Cotsala ndico kuti zifike kwa mlimi. Alangizi a zaulimi aphunzitsidwe ulimi umenewu ndi kupatsidwa zoyendera. Makampani ogulitsa nyumbazi asangomanga ndi kucoka. Aphunzitse ogula, ndi kulandiranso mapulasitiki akutha kuti asatenthedwe pamudzi. Okongoza ndalama afunse za madzi ndi za kasinthasintha wa mbeu asanapereke ngwee imodzi.

Ndipo mlimi mwini, asanasaine pepala la ngongole, ayambe wapita kwa mlangizi wa m'dera lace, apimitse nthaka, nawerenge madzi amene ali nao m'mwezi wa Okutobala, osati a m'Januwale. Pulasitiki akang'ambika agulanso wina ku sitolo, koma nthaka ikafa palibe sitolo yoigulitsa.