Zilembo zikongole, koma ziwerengeke

Tikadutsa pa bolodi la zidziwitso masiku ano maso amachita kutopa. Chikwangwani cha kwaya chili ndi zilembo zagolide zonyezimira ngati zapakidwa mafuta, kumbuyo kwake mthunzi, m'mbali mwake malawi a moto. Koma tikafuna kudziwa tsiku la mwambowo, timalipeza pakona, m'tizilembo topyapyala topiringizika, tofiira pa nsalu yakuda. Sitikuloza chala aliyense, chifukwa zikwangwani zambirizi timapanga ndife tomwe, usiku, pa laputopu yobwereka, tikusangalala kuti tatulukira batani latsopano.

Maganizo athu ndi akuti luso lokongoletsa zilembo ndi labwino ndipo tiliphunzire mozama, koma chilembo chimene agogo athu ku mpingo sangachiwerenge chalephera ntchito yake, kaya chikongole bwanji.

Mapulogalamu ngati Adobe Illustrator, CorelDRAW ndi Inkscape amagwira ntchito mosiyana ndi kamera ya foni. Chithunzi cha pafoni ndi timadontho tambirimbiri, ndipo mukachikuza chimayamba kuoneka timabokosi. Mapulogalamuwa sasunga madontho. Amasunga mfundo za mzere ndi masamu a mmene mzerewo wapindikira pakati pa mfundozo, zomwe zimatchedwa vekita. Mizere yopindikayi imadziwika ndi dzina la Pierre Bézier, injiniya wa kampani ya Renault ku France, amene ankaigwiritsa ntchito pojambula maonekedwe a galimoto m'zaka za m'ma 1960. N'chifukwa chake chilembo chimodzi chomwecho chingaikidwe pa kabaji ka pachifuwa ndiponso pa chinsalu cha mamita asanu, m'mphepete mwake muli mosalala chimodzimodzi.

Apa ndi pamene ambirife timasokonezera. Si zokongoletsa zonse zimene zimakhalabe mizere. Kuika mkombero kuzungulira chilembo, kuchinenepetsa ndi Offset Path mu Illustrator kapena Contour mu CorelDRAW, kuyendetsa mawu mozungulira chizindikiro ndi Put on Path mu Inkscape, zonsezi ndi mizere ndipo zimakula bwinobwino. Koma mthunzi wofewa, kuwala kofalikira ndi chifungafunga cha Blur kawirikawiri zimasanduka madontho potulutsa fayilo. Makina odula zomata amangotsatira mzere, sadziwa kudula kuwala. Ndipo amene anadinditsapo malaya a kwaya kapena a Pathfinder ndi sefa akudziwa kuti mtundu uliwonse umafuna sefa yakeyake. Golide wa pa kompyuta uja, wokhala ndi mitundu yosakanikirana, akafika kwa odinda amakweza mtengo, apo ayi amatuluka ngati matope. Ndalama zake n'zimene anthu anasonkha movutikira.

Pali vuto lina la ife olemba Chichewa. Mafonti ambiri okongola anapangidwira Chingerezi, ndipo alibe chilembo cha ŵ. Amene amalemba ŵ akasankha fonti yotere, kompyuta imabwereka chilembocho ku fonti ina, n'kuoneka ngati mlendo pakati pa abale, kapena imangoika kabokosi. Kankhodolero ka m'mawu ngati m'mawa ndi ng'oma nakonso kamavutika. N'kakang'ono, ndiye tikaika mkombero wonenepa ndi mthunzi kamamezedwa, ng'oma yoomba n'kusanduka ngoma ya m'tchire. Komabe vekita yomweyo ili ndi mankhwala ake. Tikasandutsa mawu kukhala mizere, chilembo chilichonse chimagwirika pachokha: tingajambule kachipewa ka ŵ tokha, tingakuze kankhodolero, tingatalikitse zilembo zimene zathinana. Mu Inkscape lamulo lake ndi Object to Path, mu Illustrator ndi Create Outlines, mu CorelDRAW ndi Convert to Curves. Kuchita zimenezi kumatipulumutsanso kwa odinda amene alibe fonti yathu pa kompyuta yawo. Chongofunika kukumbukira n'chakuti mawu akasanduka mizere salembekanso. Mukapeza kuti mwalakwitsa dzina la mlendo wolemekezeka, mulibe pobwerera pokhapokha ngati munasunga fayilo yoyamba ija. Tiyeni tizisunga awiri.

Tikudziwa zimene anzathu ena angayankhe. Anena kuti achinyamata amakopeka ndi zonyezimira, ndipo chikwangwani chopanda zokometsera chimaoneka ngati chidziwitso cha mayeso. Ali ndi mfundo. Ifenso sitikufuna bolodi lozizira. Koma taonani olemba zikwangwani za magolosale ndi pa minibasi, amene amagwiritsa ntchito burashi ndi utoto. Amakometsera dzina limodzi lalikulu, mwina ndi mthunzi umodzi wakuthwa wogwera mbali imodzi, ndipo zina zonse amazilemba mooneka bwino, poti akudziwa kuti wowerenga wawo akuyenda. Ifenso mutu wa mwambo tiupinde, tiunenepetse, tiupatse mkombero. Tsiku, nthawi ndi malo tizisiye zoongoka, zakuda pa choyera kapena zoyera pa chakuda. Mafonti awiri pa chikwangwani chimodzi akwana.

Tisaiwalenso kumene zikwangwanizi zimathera. Zambiri sizifika n'komwe pa bolodi. Zimayenda pa WhatsApp, amene amafinya chithunzi, n'kukatsegulidwa pa kafoni kakang'ono kosweka galasi, m'manja mwa mkulu wa mpingo amene magalasi a maso anawaiwala kunyumba. Zina zimakachititsidwa fotokope, golide ndi zofiira zonse n'kusanduka imvi imodzimodzi.

Mawu pang'ono pa za mapulogalamu. Pa mafulashi athu pamayenda CorelDRAW ndi Illustrator zothyoledwa, ndipo tonse tikudziwa kuti sitinazilipire. Inkscape, yomwe inayamba mu 2003, ndi yaulere mwalamulo, ndipo zonse zimene tatchula pamwambapa imachita. Mafonti a pa Google Fonts nawonso ndi ololedwa kugwiritsa ntchito osalipira. Pofooka pa Inkscape m'pakuti mitundu yake ndi ya pa sikirini, choncho buluu wowala uja angatuluke wozimirira pa pepala. Tizipempha odinda atulutse kope limodzi loyesera asanadinde zonse.

Chikwangwani chotsatira tikamaliza, tisanachitumize, tichichepetse pa kompyuta mpaka chifanane ndi bokosi la machesi, tione ngati tsiku likuwerengeka. Kenako tidinde chimodzi chopanda mitundu, tichimate pakhoma, tibwerere m'mbuyo mapazi khumi, n'kuitana munthu amene sakudziwa za mwambowo, makamaka wachikulire, kuti atiuze ukuchitika liti komanso kuti.