NDEMANGA: Satifiketi ya pa foni siikonza injini ya boti

Masiku ano aliyense amene ali pa WhatsApp kapena Facebook waonapo uthenga wa masukulu olonjeza kumuphunzitsa ntchito zamanja ali khale pakhomo pake. Akuti ukangotumiza ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, pakutha pa miyezi yowerengeka satifiketi ili m'manja. Kwa bambo kapena mayi wa ku Nkhata Bay amene sangasiye banja, geni ya usipa kapena ntchito ya ku esiteti ya Vizara n'kukakhala pa Mzuzu Technical College, uwu ndi uthenga wokoma. Ife sitikutsutsa maphunziro otere. Koma akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, n'chifukwa chake tili ndi mafunso.

Anthu a ku Nkhata Bay sasowa wowauza ubwino wa sukulu. Mishoni ya Dr Robert Laws inafika ku Bandawe mu 1881, ndipo itasamukira ku Khondowe mu 1894 anyamata ankaphunzira ukalipentala, kumanga nyumba ndi kusindikiza mabuku chipangizo chili m'manja, mmisiri ali pambali kuwawongolera. Luso limenelo ndi lomwe linawapezetsa ntchito mpaka ku Joni ndi ku Rhodesia.

Kuphunzira uli kutali ndi mphunzitsi nakonso si kwachilendo. Malawi Correspondence College inayamba mu 1965, ndipo maphunziro ankayenda pa positi ndi pa wailesi ya MBC. Ena mwa owerenga athu anakhoza mayeso mwa njira imeneyi. Koma tonse tikukumbukira zomwe zinagwera ma DEC pambuyo pake: ophunzira kuthithikana, mabuku osakwana, aphunzitsi a pulayimale kukakamizidwa kuphunzitsa za sekondale, mpaka boma linawasandutsa ma CDSS mu 1998. Chinalakwika si positi kapena wailesi ayi. Chinasowa ndi mphunzitsi wodziwa ntchito yake ndi dongosolo loyang'anira. Intaneti payokha siidzatha matenda amenewa.

Tsono tikupempha zinthu zitatu.

Choyamba, bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1999, limalandira kuchokera kwa olemba anthu ntchito K1 pa K100 iliyonse ya malipiro. Ndalama zimenezi ndi thukuta la Amalawi. Bungweli lizimata mndandanda wa masukulu ovomerezeka pa ofesi ya DC, pamsika ndi padoko pomwe imaima Ilala, komanso liziulengeza pa wailesi m'Chitonga, m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, kuti munthu adziwe asanatulutse khobidi.

Chachiwiri, sukulu iliyonse iziulula mayina ndi maphunziro a aphunzitsi ake, tsiku loyamba ndi lomaliza, ndiponso masiku amene wophunzira angadikire kuti ntchito yake ichongedwe. Kutumiza kanema m'gulu la WhatsApp kenako n'kusowa si uphunzitsi. Mphunzitsi ndi amene amayankha funso ndi kuonetsa polakwika. Aganizirenso kuti magetsi a ESCOM amazima ndipo bandulo ndi yodula. Phunziro lizitheka kulisunga m'foni n'kuliwerenga netiweki itathawa.

Chachitatu, chomwe ndi chachikulu: palibe anaphunzirapo kuwotcherera zitsulo, kulumikiza mawaya a sola kapena kumasula injini ya boti pongoyang'ana. Foni iphunzitse masamu, miyeso ndi kasungidwe ka ndalama za bizinesi, koma manja aphunzire m'shopu. Pa boma la Nkhata Bay ndi ku Chintheche kuli amisiri odziwa ntchito. Alembedwe m'kaundula, alipidwe, alandire ophunzira masiku oikika, ndipo satifiketi isatuluke munthu asanayesedwe pamaso pa woyesa wovomerezeka. Mmisiri wa mapepala okhaokha akalumikiza magetsi molakwika, imapsa ndi nyumba ya munthu. Injini ikafera pakati pa nyanja mwera ukuwomba, amamira ndi anthu.

Nthawi ya chipani chimodzi, achinyamata ambiri ankaphunzira luso ku makampu a Payoniya, ndipo kufunsa kunali mlandu. Pa 14 June 1993 tinavota kuti zimenezo zithe. Aphungu ndi makhansala a Nkhata Bay afunse mafunso awa ku Nyumba ya Malamulo ndi ku khonsolo. Inunso Amalawi anzathu, musanatumize ndalama funsani: sukuluyi inalembetsa kuti, akuphunzitsa ndani, nanga zamanja tikaphunzirira kuti? Akakana kuyankha, sungani ndalama zanu.