Chimfine cha agogo si cha mdzukulu

Mu Julayi chaka chatha, mwana wanga anabwera kuchokera kusukulu akuyetsemula, mamina ali chuchuchu. Amayi anga, a zaka 74, anachezera naye usiku wonse akumupukuta thukuta ndi chitenje chawo. Patangotha masiku atatu mwanayo anali kale pabwalo kumenya mpira, koma amayi anagona pamphasa milungu itatu.

Thupi silinawatenthe kwenikweni. Ankangoti, "Mwanangu, n'chimfine chabe ichi, ndikapuma nthunzi ya bulugama chitha." Tinawakhulupirira mpaka tsiku limene anakana nsima n'kuyamba kubanika. Kuchipatala anatiuza kuti fuluwenza inali itabala chibayo.

Kachilombo kanali kamodzimodzi. Chimene chinasiyana ndi asilikali a m'thupi mwa awiriwa.

Pakati pa asilikaliwa pali gulu lotchedwa maselo a NK, limene Rolf Kiessling, Eva Klein ndi anzawo analifotokoza mu 1975 ku Karolinska Institute m'dziko la Sweden. Asilikali ena amafuna pafupifupi mlungu wathunthu kuti amudziwe mdani watsopano. Maselo a NK sadikira zimenezo. M'masiku oyambirira omwewo amathamangira kumapapo, n'kusaka selo lililonse limene kachilombo kabisalamo. Akalipeza amaliboola ndi puloteni yotchedwa perforin, n'kuthiramo zolipha. Amatulutsanso interferon gamma, yomwe ili ngati mfuu yodzutsa anzawo.

Munthu akamakalamba, maselowa sachepa m'magazi, mwinanso amachuluka. Chimene chimatsika ndi mphamvu za selo lililonse: kuboola kuja kumafooka. Mu 2011 ofufuza a ku Michigan State University anaona kuti mbewa zokalamba zikadwala fuluwenza, maselo a NK amapezeka ochepa m'mapapo mwake, ndipo mfuu yawo ija imachepa. Kachilombo kamapeza mpata woswana, mapapo n'kuwonongeka, mabakiteriya a chibayo n'kulowererapo.

Bungwe la WHO limati fuluwenza imapha anthu pakati pa 290,000 ndi 650,000 chaka chilichonse. Ku America, pa anthu 100 alionse ofa nayo, 70 mpaka 85 amakhala a zaka 65 kapena kuposerapo.

Vuto lathu n'lakuti dzina limodzi lakuti chimfine timatchulira matenda opepuka ndi oopsa omwe, ndiye timawapeputsa onse. Komanso makolo athu sakonda kudandaula, amaopa kutivutitsa ndi ndalama za thiransipoti. Udindo tsono uli kwa ife. Okalamba akafooka mwadzidzidzi, akamapuma mofulumira, akasiya kudya kapena akayamba kusokonezeka maganizo, tipite nawo kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale thupi lisakutentha. Kumene katemera wa fuluwenza akupezeka, tiwabayitse.

Amayi anachira, ngakhale khasu analigwiranso patapita miyezi iwiri. Lero mdzukulu wawo akayamba kutsokomola, kapu yake imakhala yakeyake, ndipo wochezera naye usiku ndimakhala ine.